Nambala ya Mayi Ako

2 Seputembala

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza utafika bwino. Kuno ndili bwino, nyumba ili bwino.

Ndikulemba papepala, kenako ndijambula ndi foni n'kukutumizira, monga tinagwirizana. Pafoni ine ndi iwe timangoti muli bwanji, ndili bwino kaya inu, kenako aliyense n'kumamvera mpweya wa mnzake. Wolankhula m'nyumba muno anali mayi ako. Ife awiri tinali omvera. Mawa ikwana miyezi iwiri chitisiyireni.

Nditachoka ku bwalo la ndege dzulo ndinapita kuntchito. Ndinadula makiyi asanu ndi anayi, ndinatsegulanso loko wa mayi wina amene anataya kiyi wa kabati. Nditafika kunyumba ndinapeza simbi yositira ija pabedi pako, pamene tinaisiya sikelo itakana. Unanena zoona, ndi yolemera. Ndaibwezera pashelefu.

Kope la mayi ako lili patebulo, lija analembamo zonse zimene a yunivesite anati mwana wochokera kunja akonze asananyamuke. Zisanu ndi zinayi zoyamba anachonga yekha asanagonekedwe m'chipatala. Zinazo ndachonga ine ndi cholembera chake chomwecho: viza, kalata ya katemera, chikhoti, kachipangizo kolumikizira pulagi ku masoketi akumeneko. Dzulo ndinachonga ulendo.

Yatsala mfundo imodzi, yotsiriza. Anaidula mzere kunsi kawiri. Ndikukopera mmene analembera: "Akafika akalembetse yekha ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja, atanyamula pasipoti, pa 26 Seputembala pasanadutse. Akapanda kutero malo amuthera." Ukalembetsa undiuze, ndichonge, nditseke kope.

M'thumba lam'kati la chikhoti ndakuikira kiyi wa pakhomo lakuno. Ndinadula watsopano. Usamutaye.

Ndine bambo ako.

5 Seputembala

Ababa,

Moni wochokera kutali. Ndafika, sutikesi yafikanso, ngakhale gudumu limodzi latsala m'njira. Inu muli bwanji? Mukudya?

Pabwalo la ndege tinalandiridwa ndi ophunzira ovala malaya achikasu, atanyamula zikwangwani. Amamwetulira mpaka ine masaya kundipwetekera. Anatikweza basi, tinalipo makumi atatu, aliyense ndi chilankhulo chake ndi tulo take. Aliyense anamupatsa kachikwama: mapu, botolo la madzi, ndi pepala la misonkhano ya milungu iwiri. Kakweredwe ka basi, kopita ukadwala, kasamalidwe ka khitchini. Ngakhale kutaya zinyalala kuli ndi phunziro lake, Ababa. Mabini alipo anayi, ukaphonya umachita manyazi ngati walephera mayeso.

Chipinda changa chili pansanjika yachitatu. Muli bedi, tebulo, mpando, ndi windo lomwe limatseguka malo olowa zala zinayi basi. Koma nkhani imene ikuseketseni ndi iyi: kuno mukanasowa ntchito. Kulibe makiyi. Amatipatsa khadi, umangoligunditsa pachitseko, kagetsi kobiriwira n'kuyaka, chitseko n'kutseguka.

Chimene kope la Amayi silinanene ndi zofunda. Pabedi pali matiresi okha. Ndakhala ndikugona m'chikhoti. Tsiku loyamba china chake chimandibaya m'nthiti, kupisa m'thumba, kiyi wanu. Zikomo.

Zolembetsa ndipita Lolemba, akuti Lolemba m'mawa anthu amachepa.

Mwana wanu.

9 Seputembala

Mwana wanga,

Kalata yako ndailandira, ndaiwerenga katatu. Ndili bwino. Ndikudya. Mazira ndi buledi sizifuna luso.

Za khadizo ndamva. Ndinawauza a maambulera, aja amakhala pafupi ndi benchi yanga, anaseka nati, "Ndiye mwana wathawira dziko limene bambo ake ndi opanda pake." Anatinso ndikupatse moni, ndipo ufufuze ngati mvula yakumeneko imafuna ambulera kapena nayonso ndi ya khadi.

Koma tamvera. Palibe chitseko chopanda kiyi. Penapake pali munthu amene amasunga wachitsulo, wa tsiku limene magetsi azima. Umufufuze, umudziwe nkhope, uzimupatsa moni. Khadilo uzilisunga thumba limodzi masiku onse. Anthu amene amabwera kwa ine akulira si amene abedwa ayi, ndi amene anasintha thumba.

Gula bulangete. Usadikire kuzizira kukuphunzitse.

Lolemba ladutsa. Sindinachonge, poti sunandiuze. Cholembera chili pakati pa kope.

Bambo ako.

13 Seputembala

Ababa,

Ndili bwino. Pepani kuchedwa kuyankha.

Khitchini timagawana anthu asanu ndi mmodzi. Mufiriji aliyense ali ndi shelefu yake, yomata dzina. Yanga ili ndi mkaka. Dzana wina anapsereza buledi, belu la moto linalira, nyumba yonse inatuluka kukaima panja. Ine ndinatuluka pomaliza. Ovala zachikasu aja anatiwerenga, tinakwana, tinabwerera.

Kuno dzuwa limawala koma silitentha. Pawindo ndimaona poimika njinga ndi mtengo umodzi. Masamba ayamba kusintha mtundu.

Ku ofesi kuja ndinapita. Mzere unali wautali. Ndipitanso.

Mwana wanu.

17 Seputembala

Alamu,

Moni, ngati moni mukumalandirabe. Ndine mlamu wanu wa ku saluni, ngati mwandiiwala. Ndalemba kalata n'kupatsira dalaivala wa basi chifukwa pafoni mumayankha ngati mawu munapatsidwa owerengeka. "Ee." "Ayi." "Tili bwino." Ine si wapolisi.

Choyamba, a Pulofesa athu ali kuti? Ndawaimbira kanayi, sakuyankha. Ine mayi awo aang'ono, amene ndinawaluka tsitsi la ulendo maola asanu msana kuchita kuuma. Ndikuuzeni, alamu, mwana wamkazi akangoti zii patatha milungu iwiri, pali kamnyamata. Mwina kandevu, kovala magalasi, kodya masamba osaphika. Musadzati sindinanene.

Chachiwiri, ndipo apa sindikuseka. Lamulungu ndinaimba nambala ya achemwali. Musandifunse chifukwa. Ndinkafuna kumva mawu aja akuti nambalayi sikupezeka, kuti mtima ukhulupirire. Alamu, foni inaitana. Inaitana mpaka kumapeto. Ndinali ndi mutu wa munthu m'beseni, ndinangousiya momwemo, sopo ali m'maso, mayi wa eni akukuwa.

Ndinu mukuitchaja, si choncho? Achemwali tinawaika m'manda mu Julaye. Ine ndinalipo, inu munalipo, munaima ngati mtengo wa magetsi. Zovala mwakana kuti ndidzalongedze, ndakusiyani. Koma foni ithimitseni. Mukudzipweteka, mukupwetekanso ife.

Ndibwera mwezi ukatha ndi tsache, chifukwa ndikudziwa mmene nyumbayo ikuonekera.

Mlamu wanu.

19 Seputembala

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Papita masiku asanu ndi limodzi.

Mayi ako aang'ono akuti wapeza mnzako. Ngati ndi choncho palibe cholakwa. Ngati ndi maphunziro akuchuluka, palibenso cholakwa. Mwinanso makalata angawa akukulemera, akukukumbutsa zakuno pamene iwe ukufuna kuyang'ana kutsogolo. Ukandiuza ndichepetsa. Sindikwiya.

Akutinso ndithimitse foni ya mayi ako. Ndikuuze zoona, ndimaitchaja m'mawa uliwonse pamodzi ndi yanga. Soketi ili ndi malo awiri, dzanja linazolowera. Ndimapita nayo kuntchito m'thumba la malaya.

Kuyambira Lachiwiri pa foni yakeyo pakubwera nambala yaitali, yachilendo. Imaimba masana, dzuwa litangopendeka. Ndimaitulutsa, ndimaiika pabenchi, imanjenjemera pakati pa tizitsulo ta makiyi mpaka kusiya. A maambulera akuti ndi akuba a pafoni, ndisayankhe. Ine ndavomera kuti ndi akuba. Koma ngati si akuba, ndiye kuti ndi munthu amene akufuna mayi ako. Ndimuuza chiyani?

Atsala masiku asanu ndi awiri. Mzere uja wachepa?

Bambo ako.

22 Seputembala

Mwana wanga,

Lero ndayankha.

Sindinaganize. Ndinali ndi kiyi pamakina, kasitomala ataima, foni inalira, dzanja linangopita lokha. Anali mayi, wa mawu odekha. Anayankhula chizungu pang'onopang'ono, ngati anazolowera makolo onga ine. Anati ndi wa ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja. Anatchula dzina lako. Kenako anatchula dzina la mayi ako, lonse, n'kufunsa ngati angayankhule nawo.

Makina anali akuzungulirabe. Ndinati, "Mayi ake anamwalira pa 3 Julaye. Ine ndine bambo ake."

Kenako anapepesa, anapepesanso. Anati samadziwa, pa fomu yako palembedwa kuti pakakhala vuto aimbire mayi ako, ndipo nambala ndi imeneyi, palibenso ina.

Ndinafunsa kuti vuto ndi chiyani. Anati sunalembetse. Anati akulembera kanayi, sunayankhe. Misonkhano yolandirira alendo unasiya kupita utangotha mlungu woyamba. Lachisanu anatuma munthu kudzagogoda, unayankha chitseko chili chotseka kuti uli bwino. Anati tsiku lomaliza ndi Lachisanu lino, folo koloko masana nthawi yakumeneko. Likadutsa dzina lako alichotsa, ndipo chilolezo chako chokhalira m'dzikomo chimatha nalo. Anati iye sangasinthe lamulolo, ndi la boma.

Ndinamupempha kuti alembe nambala yanga m'malo mwa ya mayi ako. Anati sangathe. Fomu ndi yako, wosintha ndiwe, pamaso pawo.

Sindikukalipira. Sindidziwa n'komwe kukalipa, ukudziwa. Ndikungofunsa. Mzere si umene wakuletsa. Chakuletsa n'chiyani?

Bambo ako.

23 Seputembala

Ababa,

Palibe mnyamata. Muwauze mayi aang'ono apumule.

Ndinapita pa 8, Lolemba lija, monga ndinanenera. Mzere unali wa anthu anayi basi. Pasipoti inali m'manja. Nditafika patebulo, bambo wina wa juzi yotuwa anaitenga, anandiyang'ana nkhope, anati zonse zili bwino, kwangotsala kutsimikiza zinthu zingapo, kenako andijambula chithunzi. Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Dzina, ee. Tsiku lobadwa, ee. Chipinda, ee. Kenako analoza ndi cholembera nati, "Munthu woti tizimuimbira pakagwa vuto akadali yemweyu?"

Linali dzina la Amayi.

Mukukumbukira tsiku limene tinkadzaza fomu ija, mu Malichi? Inu munali pakhomo mukuthira mafuta loko. Amayi anandikankha pampando nati malo amenewo alemba okha. Analemba ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse kuchifufuza ngati ndalama yogwa pansi. Ine ndinati, nanga Ababa? Iwo anati, "Bambo akowa akawaimbira azungu angoti ee, ayi, tili bwino, nyumba ikupsa." Munaseka muli pakhomopo. Ndinakumvani.

Bambo wa juzi uja ankadikira. Kunena kuti ee kukanakhala kunama. Kunena kuti ayi, akanafunsa kuti tilembe ndani, n'kufufuta ine ndikuona. Ndinamuuza kuti ndaiwala pepala lina kuchipinda. Anati palibe vuto, ndibwerenso. Ndinatenga pasipoti n'kutuluka.

Ndabwererako katatu. Ndimafika pachitseko chagalasi, chimatseguka chokha, ine n'kubwerera.

Kuno palibe amene akudziwa, Ababa. Kwathu aliyense akandiona amapendeketsa mutu. Kuno ayi. Wa chipinda choyandikana nane anandifunsa ngati ndawaimbira amayi anga kuti ndafika, ndinati ee. M'dziko muno Amayi ali moyo. Ali mu kompyuta ija, ndi nambala yawo, akudikira kuti wina awaimbire ndikadwala. Ndikapita kukalembetsa ndiye kuti ndawachotsa ndine.

Sindikulira, musade nkhawa. Sindikumva kanthu. Ndimagona, ndimadzuka, ndimayang'ana njinga. Masiku akudutsa ngati a munthu wina. Ndikudziwa kuti Lachisanu likubwera, koma likuoneka ngati Lachisanu la munthu winanso.

Mwina ndingobwerako. Kiyi ndili naye.

Mwana wanu.

24 Seputembala

Mwana wanga,

Ndawerenga. Ndakhala nayo kalata yako m'mawa wonse, sindinatsegule benchi.

Kiyi ameneyo ndi wako, pakhomo pano ndi pako. Ukabwera ndidzakuchingamira, sindidzakufunsa kanthu. Koma sindinamudulire ulendo uno. Ndinamudulira tsiku limene udzabwere utamaliza, mwina ine ndili kuntchito, kuti usadzakhale panja ndi katundu.

Ndikuuze chimene sindinalembe Lolemba. Mawu aja ndinauza mayi wa ku ofesi, kanali koyamba kuwatulutsa pakamwa panga. Kuchipatala ananena ndi dokotala. Kwa abale anaimba mayi ako aang'ono. Kuntchito a maambulera ndi amene ankauza makasitomala, ine ndikuyang'ana pansi. Miyezi iwiri ndi theka ndakhala ndikuzungulira mawu amenewo ngati munthu wozungulira chithaphwi. Anatisiya. Kulibe. Chichokereni. Iwe unali ndi kompyuta, ine ndinali ndi foni m'thumba. Ndife amodzi, ine ndi iwe. Mayi ako ankatero, ankati anakwatiwa ndi khoma n'kubereka khoma.

Ndinkaganiza kuti ndikadzanena, china chake chidzagwa. Sichinagwe. Basi inadutsa. Kasitomala anati, "Bambo, kiyi wanga uja?" Ndinamaliza kumudula, ndinamupala ndi tupa, ndinamupatsa. Anabweranso madzulo kudzati akutsegula bwino. Mayi ako sanachepe ndi pang'ono pomwe chifukwa choti ndanena. Ali mmene analili dzulo lake.

Mu kompyutamo mulibe mayi ako, mwana wanga. Muli ntchito imene ankagwira, yodikira foni. Ntchitoyo yatsala yopanda munthu. Udwale lero, aimba nambala imene mwamuna wamantha amangoiyang'ana ikunjenjemera pabenchi. Waona wekha, mlungu wathunthu. Ndipatse ntchitoyo. Sindiigwira bwino ngati iye, koma ndiyankha.

Kiyi wouma sitimukakamiza, amathyokera m'kati. Ngati pakamwa pakana, usapakakamize. Pansi pa kalatayi ndalemba m'chizungu changa cha ku sekondale, zilembo zazikulu, kuti mayi ako anamwalira, ndipo woimbiridwa akhale bambo ako, ndi nambala yanga. Ukafika patebulo ungoonetsa foni. Awerenga okha. Ngati ndalakwitsa sipelo aseke, palibe kanthu.

Mfundo yotsiriza ija anaidula mzere kawiri ali kale ndi ululu. Mizereyo ndi yokhota. Ndimaiona tsiku lililonse.

Vala chikhoti. Pita m'mawa.

Bambo ako.

26 Seputembala

Mwana wanga,

Ndikulemba ndili pabenchi, sindinafike kunyumba.

Dzulo sunayankhe, lero m'mawa sunayankhe. Ndinatsegula ntchito monga mwa masiku onse. Ndinaika mafoni awiri pabenchi, iyi apa, iyi apa. Ndinawerengera kusiyana kwa nthawi papepala kawiri kuti ndidziwe folo koloko yanu ikwana liti kuno. Ndinawononga makiyi awiri osadula, chinthu chimene sindinachite chiyambire ntchitoyi. A maambulera anati, "Achimwene, lero mukudula makiyi kapena mukusema zipande?" Anandigulira tiyi, anazizira.

Litatsala ola limodzi ndi theka kuti nthawi ithe, foni inalira. Ndinagwira ya mayi ako. Inali chete. Imalira inali yanga.

Nambala yaitali ija. Mayi yemwe uja. Anati, "Bambo, tikungoyesa ngati nambala yatsopanoyi ikugwira." Ndinati ikugwira. Anati kodi ndikuvomera kukhala munthu woimbiridwa pakagwa vuto. Ndinati ee. Ndinazindikira kuti ndayankha monga mayi ako ananenera, ndiye ndinaonjezera kuti ndikuvomera ndi mtima wonse, usana kapena nthawi ina iliyonse, ndipo foni imakhala m'thumba la malaya. Anaseka pang'ono. Kenako ndinamva mawu ako chapatali, "Ababa, sindinaonetse pepala lanu. Ndanena ndekha." Mawu ako anali ouma ngati a munthu amene wangodzuka. Ndinafuna kuyankha, koma mayiyo anati akukutenga kukajambulitsa chithunzi, foni n'kuduka.

A maambulera anafunsa kuti ndani. Ndinati a kusukulu kwa mwana. Anati kwagwanji. Ndinati palibe, walembetsa. Anati ndiye mukukhaliranji ngati mwaona ngozi. Sindikumva chimwemwe, ndisakunamize. Ndikungomva ngati ndatula chinthu, mapewa sanadziwebe.

Kope ndinabwera nalo m'chikwama. Ndachonga. Cholembera cha mayi ako chinayamba chakana, ndinachikanda pachikuto mpaka chinalemba. Ndatseka.

Foni yake sindinaithimitse, chala sichikulola. Koma lero m'mawa sindinaitchaje. Yatsala ndi timizere tiwiri. Ndikafika ndiiika m'dirowa pamodzi ndi kope, izime yokha pa nthawi yake. Mayi ako aang'ono akabwera ndi tsache lawo ndiwauza kuti zovala akhoza kulongedza, kupatula juzi yobiriwira.

Lolemba uyambe makalasi. Wa chipinda choyandikana nawe uja, tsiku lina udzamuuze zoona. Osati lero.

Unditumizire chithunzi cha pakhadi, ngakhale utatuluka ngati wakuba. Ndipo za bulangete sunandiyankhebe. Zimenezo mu kope munalibe, ndiye ndazilemba papepala langa. Ukagula undiuze, ndichonge.

Ndine bambo ako.